Kalata Imene Inasowa m'Bokosi la Adada

Mzimba Boma,
14 Epulo 2024.

Okondedwa achimwene anga a Yoram,

Monire kumeneko ku Joni. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mukudzuka bwanji? Nanga chifuwa chija munkadandaula nthawi ya Khirisimasi chinatha? Nyengo yozizira yayandikira, muzivala zokhuthala popita kuntchito.

Ife kuno tili makora, Mulungu akutisunga. Amama miyendo ikuwavutabe, makamaka m'mawa, koma kudya akudya ndipo kutchalitchi akufika ndi ndodo yawo. Chimanga cha kudambo chachita bwino, cha kumtunda chinapsa ndi ng'amba. Za alamu anga a Esme ndi ana anu ndinena m'munsimu.

Musadabwe kuti ndalemba pamanja m'malo moimba foni. Foni yanu nthawi zina amayankha ndi anthu amene sindiwadziwa, ndipo nkhani iyi sindifuna idutse m'makutu a wina. Kalatayi ndapatsira a Temwa, amene akukwera basi ya Lachinayi, ndipo ndawauza kuti akupatseni m'manja mwanu. Muwerenge muli nokha, osadumpha mzere. Ndiyambira poyambira penipeni, kuti nkhaniyi ikufikeni momwe inandifikira ine.

Ndi za bokosi la adada.

Mbiri yake mukuidziwa, koma ndilolereni ndiibwereze, chifukwa masabata ano ndakhala ndikuibwereza ndekha ngati pemphero. Adada atachoka kwawo ku Ntcheu, asanalembedwe ntchito ya m'nkhalango ku Chikangawa, anagwira zaka zinayi m'nyumba ya a Misi Toliva, mayi wa ku Amereka amene ankaphunzitsa Chingerezi kuno ku boma. Mayiyo ankatolera makalata akalekale olembedwa pamanja ndi alakatuli oyambirira a kwawo. Ena anawasiyira ndi bambo awo, ena anachita kufunafuna okha. Ankawaonetsa ana a sukulu kuti adziwe kuti ndakatulo za m'mabuku zinalembedwa ndi anthu a zala ngati zathu.

Mu 1972 a Misi Toliva anadwala mwadzidzidzi n'kunyamulidwa pamachira kubwerera kwawo. Asanakwezedwe m'galimoto anapatsa adada bokosi lija n'kuwauza kuti alisunge kufikira iwo atabwera, kapena atabwera munthu wa magazi awo. Kalata imodzi inafika chaka chotsatira, kenako zii.

Adada anasunga zaka makumi asanu. Mukukumbuka momwe ankachitira mwezi wa Okutobala uliwonse? Ankayala mphasa pakhonde, n'kutisambitsa m'manja ndi sopo tisanayandikire, n'kutulutsa mitolo inayi ija, makalata asanu ndi limodzi pamtolo uliwonse, kuti apitidwe mphepo. Pobwezera ankaikamo masamba atsopano a fodya othamangitsa tizilombo. Nthawi zonse ankanena kuti izi si zathu, ife ndife alonda chabe. Ananenanso mawu omwewo m'chipatala zaka ziwiri zapitazo, inu muli kumutu kwa bedi, ine ndili kumiyendo.

Tsopano mverani. Lachiwiri loyamba la mwezi watha, ndili pamakina m'shopu yanga kuseri kwa msika ndikusoka yunifomu, panaima kagalimoto kotuwa. Munatuluka bambo wamtali, wa Chichewa cha ku Lilongwe, nsapato zake zopanda ndi fumbi lomwe. Anati dzina lake ndi Wallace Msosa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sanandiitane Nesta. Anandiitana Tiyese, dzina limene silinalembedwe papepala lililonse, limene limamveka pakhomo pathu pokha ku Engutwini.

Anakhala pabenchi ya makasitomala n'kufotokoza kuti amagwira ntchito ndi anthu akunja amene amasonkhanitsa makalata a pamanja a alakatuli akale a ku Amereka, n'kumawasunga m'nyumba ya mabuku momwe chinyezi ndi chiswe sizifika. Anati mdzukulu wa a Misi Toliva wakhala akufunafuna katundu wa agogo ake, ndipo ndiye wamutuma. Kenako analifotokoza bokosilo ngati analiona dzulo: lachitsulo, lobiriwira, chivundikiro chopindika pangodya, mitolo inayi yomanga ndi nsalu.

Ine ndinati sindikudziwa chimene akunena. Ndinapitiriza kupalasa makina. Nditamufunsa amene anamuuza zimenezi, anamwetulira n'kuti, "Wandiuza ndi munthu wokufunirani zabwino, amayi." Anasiya kakhadi ka nambala yake patebulo n'kunena kuti abweranso.

Achimwene, tsiku lonselo sindinasoke chanzeru. Kolala imodzi ndinaitembenuza kawiri. Ndinkangowerenga m'mutu anthu amene analionapo bokosilo ndi maso: amama, inu, ine, ndi a Esme. Basi.

M'mawa mwake ndinatseka shopu n'kukwera galimoto ya ku Engutwini. Bokosi ndinalipeza pamalo pake, kunsi kwa bedi la amama, kiyi ali m'chikuto cha buku lawo la nyimbo monga kale. Mtima unayamba kutsika. Koma nditatsegula ndinaona kuti mtolo wachitatu unamangidwa mfundo ina, osati ija ya adada ya anthu ocheka matabwa. Ndinawerenga katatu. Munali makalata asanu. Yosowayo inali ija adada ankaikonda, ya phula lofiira kumbuyo, imene m'kati mwake munali tsamba louma.

Amama maso awo mukuwadziwa, sangaone ngakhale ulusi pasingano. Anati iwo sanalitsegulepo chimwalirireni adada. Ndiye ndinadzifunsa kuti, amasesa m'chipinda muno ndani? Amayala bedili ndani?

Ndikutuluka panja, mayi wa nyumba yoyandikana nayo anandiuza mosafunsidwa kuti sabata yapitayo panaima kagalimoto kotuwa pamsewu, ndipo a Esme anayankhula ndi mwini wake nthawi yaitali. Nditabwerera pakhomo ndinaona foni yatsopano ili pachifuwa pa alamu anga, yokulunga m'chitenje. Kwa ine mlandu unathera pomwepo.

Apa ndiye pondivuta kulemba, koma ndilemba zonse. A Esme anali pabwalo akusenda mtedza, ana anu atatu ali pomwepo, amama ali pampando pakhonde. Sindinawaitanire pambali monga achitira anthu. Ndinaponya nsalu ya mtolo uja m'lichero mwawo n'kuwafunsa kuti mlendo uja anawapatsa chiyani. Ndinawatcha wakuba. Ndinati anabwera pakhomo pano ndi kachikwama kamodzi, lero akugulitsa za akufa amene sanawabereke. Ndinanenanso zina zimene sindingathe kuziika papepala. Amama anayesa kundiletsa, ine osamva.

A Esme sanakweze mawu. Anachotsa nsalu ija mumtedza, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pamwendo panga. Anangoti, "Yewo alamu, mwanena nokha." M'mawa mwake anamanga katundu, n'kutenga ana, ulendo wa kwa makolo awo ku Jenda. Mwawi, mwana wanu wamkulu, amene akulemba mayeso a Sitandade 8 mwezi wamawa, anachoka osandiyang'ana n'komwe.

Ine panthawiyo ndinkadziona wolungama. Ndinanyamula bokosi, ndinanyamulanso amama, poti sakanatsala okha, n'kubwera nawo kuno ku boma. Ndinaganiza zokuimbirani, koma ndinati ndiyambe ndamvetsa kaye chimene tikusunga.

Ndinatenga makalata atatu n'kupita nawo kwa a Gordon Nyirenda, ahedi athu aja opuma ntchito, amene paunyamata wawo anaphunzitsidwa ndi a Misi Toliva. Akukhalabe kuseri kwa tchalitchi, akuweta nkhunda. Nditawatulutsira, anadzuka okha kukasamba m'manja popanda wowauza. Anati anawaonapo makalatawa ali Fomu 2, ndipo ankayesa kuti anapita kalekale.

Anandiwerengera pang'onopang'ono ndi galasi lokulitsa zilembo, akumasulira. Kodi mukudziwa, achimwene, kuti zaka zonse zija sitinkadziwa chimene chinalembedwamo? Imodzi ndi ya chaka cha 1838. Mayi wina akulembera mlongo wake, kudandaula kuti wosindikiza mabuku wasintha mawu awiri m'ndakatulo yake osamufunsa, ndiponso kuti ng'ombe yawo yafa ndi chisanu. Ina ndi ya bambo amene mwana wake anamwalira, akuti wayesa kulemba za mwanayo miyezi itatu koma mzere wachiwiri ukukana. M'munsi mwake analembamo mizere inayi n'kuikhwatcha. Inki yake yasanduka yofiirira ngati tiyi, koma pokhwatchapo pakuonekabe kuti anatsindika cholembera mpaka pepala linang'ambika.

A Gordon anati mayina a olembawo ena sakuwadziwa, koma kunja kuli anthu amene amalimbirana mapepala otere, ena pofuna kuwasunga, ena pofuna kulemera nawo. Anati anthu oona a nyumba za mabuku amayamba alemba kalata yodzidziwitsa, sangotulukira pashopu ya telala. Kenako anandipempha kuti ndiwasiyire makalatawo sabata imodzi kuti awakopere m'kope.

Ndinakana. Ndinawalanda m'manja mwawo mwaulemu ndithu, koma anaona kuti ndikuwakayikira. Nkhope yawo inagwa, n'kunena kuti palibe kanthu, akumvetsa. Pobwerera ndinadzifunsa kuti ndasanduka munthu wotani, wokayikira nkhalamba imene inandilipirira mayeso adada ali m'chipatala. Koma mtima ukayamba kukayika suona malire. Ngakhale kasitomala akayang'ana kuseri kwa katani ya m'shopu, ine ndinkati watumidwa.

Tsiku lina masana amama atakhala m'shopumo akundithandiza kutola zidutswa za nsalu, ndinawauza bwinobwino zimene a Wallace ananena, kuti watumidwa ndi mdzukulu. Amama anasiya kutola. Anandifunsa kuti mdzukulu wa yani. Anati a Misi Toliva analibe mwana. Nthawi imene amama anali ndi pakati pa inu, mayiyo anawagwira pamimba n'kuwauza, adada akumasulira, kuti iwo madokotala anawachotsa chiberekero ali mtsikana, ndipo sadzanyamula wawo. Amama akuti mayiyo anachoka kuno ali ndi imvi kale. Ndiye mdzukuluyo anaphuka pamtengo?

Ndinasunga zimenezo mumtima n'kumudikira.

A Wallace anabweranso Lachisanu loyamba la mwezi uno, chakumasana, atanyamula kachikwama kachikopa ndi shuga wa amama. Shugayo ndinamuika pawindo, sitinamutsegule mpaka lero. Ndinamulola ayankhule kaye. Kenako ndinamufunsa kuti mdzukuluyo ndi wa mwana uti wa a Misi Toliva, wamwamuna kapena wamkazi. Anati wamkazi. Ndinati amama awa akuti mayiyo sanabereke.

Sanagwedezeke kwambiri, ndimupatse ulemu wake. Anaseka pang'ono n'kunena kuti Chingerezi chimasokoneza pa za ubale, ankatanthauza mdzukulu wa mchemwali wawo. Ndinati chabwino, amuimbire tiyankhule naye, ndikaitana a Gordon adzamasulire. Anaimba, foni osalowa. Anati kumeneko sikunache. Ndinati tidikira kuche, ine ntchito yanga ndi yokhala pansi. Apo anayamba kupukuta thukuta, chonsecho kunja kunali mitambo.

Ndiye anasintha njira. Anati asanditayitse nthawi, banja lathu linavomera kale, ndipo linapereka kalata imodzi kuti akatswiri aione ngati ndi yeniyeni. Anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala lili m'pulasitiki. Achimwene, inali yomweyo. Phula lofiira lija, ndi tsamba lija lili m'kati, lathothoka kumapeto.

Potulutsapo inakodwa envulopu yakhaki n'kugwera pansi pa makina anga. Tonse tinawerama, koma ine ndinali pafupi. Ndinaitola.

Masitampa ake anali a ku South Africa. Tsiku lodindapo linali miyezi itatu chiikireni adada m'manda. Ndipo dzina ndi keyala ya a Wallace zinalembedwa ndi dzanja limene sindingalisokoneze ndi la munthu wina padziko pano. Ndinu amene munandiphunzitsa kulemba, pansi pa mtengo wa mapeyala ku Chikangawa, mutagwira dzanja langa. M wanu wa miyendo itatu ndimamudziwa. Seveni wanu wodula pakati ndimamudziwa, poti nanenso ndimalemba choncho.

Ndinakhala pansi. A Wallace anandichotsa envulopuyo m'manja mofatsa, n'kuibweza m'chikwama pamodzi ndi kalata ija, ine osaletsa. Ataona kuti chinsinsi chaululika, anayankhula momasuka. Anati inde, ndinu amene munamuuza zonse, ndi dzina langa la pakhomo lomwe. Anati munamuchenjeza kuti mlongo wanu ndi wouma mutu, ayambe wayesera kwa akazi anu. Anati abweranso kumapeto kwa mwezi uno ndi chikalata chosainidwa ndi inu, poti kuno ku Mzimba mwana wamwamuna woyamba ndiye mwini wa za bambo ake, ndipo mkazi wokwatiwa kwina alibe mawu.

Nthawi yonseyi ndinkayesa amama sakumva Chichewa chothamanga cha mlendoyo. Koma anagogoda ndodo pansi n'kumuuza kuti, "Mwana wanga angasaine za bambo ake. Izi sizinali za bambo ake." Bamboyo anatsanzika mwaulemu n'kupita. Amama sanadye tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Jenda. Ulendo wonse ndinkakonza mawu, koma nditafika onse anathawa. A Esme ndinawapeza m'chigafa cha bambo awo akusankha fodya, manja ali bii. Bambo awo anandilandira mozizira, ndipo sindiwadandaula. Anati mwana wawo sanapite ku Engutwini ngati mbuzi yosochera, ng'ombe zinaperekedwa anthu akuona, ndipo nkhani yotere imafuna akuluakulu a mbali zonse. Ndinavomera. Ndinangopempha kuti andilole ndiyankhule ndi alamu anga kaye.

Ndinagwada pafumbi m'chigafamo n'kuwauza zimene ndinaona. Ndinkayembekezera kuti adabwa. Sanadabwe.

Anandiuza kuti anakuonani. Linali tsiku lotsatira maliro, masana, anthu akudya panja. Analowa m'chipinda cha amama kukatenga mbale n'kukupezani mutagwada, bokosi lili lotsegula, mukulowetsa kalata m'thumba la m'kati la jekete. Munawauza kuti asauze munthu, mukudziwa chimene mukuchita, ndipo mudzaibweza. Anasunga mawu anu zaka ziwiri.

Za kagalimoto kaja anati n'zoona, a Wallace anayamba kufika kwa iwo. Anawapempha kuti atulutse bokosi mwakachetechete amama ali kutchalitchi, akuti mwamuna wawo walola. A Esme anakana, n'kumuuza kuti ngati a Yoram alola abwere adzatulutse okha. Anayesa kukuimbirani kanayi, simunayankhe. Foni yatsopano ija anawagulira ndi mchimwene wawo atagulitsa soya.

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene tsiku lija, pamene ndinkawanyoza. Anapitiriza kusalaza tsamba la fodya pabondo, osandiyang'ana. Kenako anati, "Ndikanati ndi a Yoram, pamaso pa amama, pamaso pa ana awo? Ndinaona kuti kuli bwino wakubayo ndikhale ine, poti ine ndine wobwera."

Achimwene, ndalira maliro ambiri, koma sindinalirepo ngati m'chigafa muja. A Esme ndi amene anandidzutsa n'kundipukuta fumbi m'maondo. Anati za ine akhululuka, ngakhale mawu aja sangawaiwale msanga. Koma anati ku Engutwini sabwerera kufikira inu mutauza amama ndi pakamwa panu chimene munachita, ndi kuuza ana anu kuti mayi awo si wakuba. Mwawi anatuluka m'nyumba kudzandipatsa moni chifukwa agogo ake anamukakamiza. Masiku ano akuyenda ulendo wautali m'mawa uliwonse kupita kusukulu ina ya kumeneko kuti asaphonye maphunziro a mayeso, ndipo waonda.

Ndiye ndi zimenezo. Kulakwa kwanga ndakuuzani, sindinabise. Ndinathamangitsa akazi anu pakhomo ndi pakamwa panga, pa mlandu umene sanapalamule. Ngati mukufuna kundikalipira, muli ndi ufulu. Ndauza kale atsibweni kuti akonze tsiku lopita ku Jenda, ndipo ndikaima pamaso pa onse n'kubweza mawu anga.

Koma tsopano ndikufunsani inu. Munachitiranji?

Ndayesa kukuganizirani zabwino. Ndimati mwina munafuna kupeza abale a a Misi Toliva kuti mawu a adada akwaniritsidwe, ndiye munagwa m'manja mwa tambwali. Ngati ndi choncho, bwanji munabisa? Bwanji munamutuma kwa akazi anu amama ali kutchalitchi? Nthawi zina ndimati mwina kumeneko zinakuthinani, mapepala anu okhalira anatha, kapena pali wina wakugwirani pakhosi. Ngati ndi zimenezo nenani. Tinakulira m'nyumba imodzi ya matabwa, tinafunda bulangete limodzi nthawi ya chisanu cha ku Viphya. Palibe chimene mungandiuze chimene chingapose chimene ndaona kale.

Za a Wallace sindikudziwa chenicheni. Mwina kuli ndithu wachibale wina kutsidya kwa nyanja. Mwina kulibe, ndipo makalatawa akangochoka m'manja mwathu akagulitsidwa imodziimodzi kwa anthu amene sanamvepo dzina la a Misi Toliva kapena la adada. Munthu amene wasintha nkhani yake kawiri ine ndili pomwepo sindingamupatse ngakhale lumo langa. Kodi inu munakumana naye maso ndi maso, kapena munangodziwana pafoni? Anakulonjezani chiyani? Nanga kalata imene munati mudzaibweza, mukudziwa kuti ikuyenda m'chikwama chake, tsamba lija likuthothoka?

Ndikupemphani zinthu izi, ndapota nanu. Chikalata chimene akufunacho musasaine. Ngati mwasaina kale, ndiuzeni msanga ndisadzidzimuke. Muuzeni abweze kalata ija, poti ndinu munamupatsa ndipo kwa ine sangamve. Muwaimbire a Esme, musadikire kuti ayambe ndi iwo, ayamba kokwanira. Ndipo amama muwalembere ndi dzanja lanu, ndidzawawerengera liwu ndi liwu osachotsapo kanthu. Koma choposa zonse, bwerani. Zaka ziwiri zakwana. Nkhani zina sizitha munthu ali kutali.

Ine kumbali yanga ndinabwerera kwa a Gordon kukapepesa. Anandilandira, ndipo tsopano akubwera kudzakopera makalata aja m'kope ine ndili pomwepo. Tapezanso keyala yakale pakalata imene a Misi Toliva analembera adada mu 1973. Talemba makalata awiri, ina ku keyala imeneyo, ina ku nyumba ya mabuku ya m'tauni yomweyo, kufunsa ngati alipo wa magazi awo amene watsala. Mwina ayankha, mwina sayankha. Akapezeka weniweni, ndidzapereka bokosilo masana anthu akuona, inu mulipo, a Esme alipo, ndipo sindidzapempha kanthu. Akapanda kupezeka, ndidzaliyanika mwezi wa Okutobala monga ankachitira adada.

Mwina mukufuna kudziwa komwe bokosilo lili panopa. M'shopu mulibe, kunyumba kwanga kulibe, ku Engutwini kulibe. Cholembera chinatsala pang'ono kulemba malowo, poti chibadwire sindinakubisirenipo kanthu. Koma ndaima. Sindikuuzani, achimwene. Mundikhululukire. Zikundiwawa kuposa momwe zikuwawireni inu powerenga.

Amama akudziwa kuti ndikulemba. Ali pambali panga pano, akufunsa ngati ndafika kumapeto. Ati ndilembe mawu awo monga anenera, ndiye nawa: "Umuuze kuti sindinamutaye. Abwere, khomo ndi lake. Koma polowa adzayambe wadzera ku Jenda."

Mundiperekere moni kwa a Golden ndi akazi awo, ndi kwa msuweni wathu Aaron ngati mumaonana naye, mumuuze kuti mayi ake akudandaula kuti wakhala chete. Onse a kwathu amene muli nawo kumeneko muwapatse moni. Yankho mukhoza kupatsira a Temwa omwewo, abwerera pakatha masiku khumi.

Mulungu amene anasunga adada m'nkhalango zaka zonse zija akusungeni inunso m'dziko la eni, akupatseni tulo ndi mtima wonena zoona. Ndimakupemphererani m'mawa uliwonse ndisanatsegule shopu, ndipo sindinasiye ngakhale Lachisanu lija.

Ndine mlongo wanu,

Nesta